Zingwe zisanu kumbuyo kwa boti limodzi zikungopiringizana, ndithandizeni

MwanaWaMuloza
Moni nonse abale anga a pagulu pano. Ndili kumudzi kuno ku Muloza, ndinabwera kudzaona makolo, koma sabata yamawa ndibwerera ku Inhassoro, ku Mozambique, kumene ndimagwira ntchito pa boti lotenga alendo kukawedza panyanja ya mchere. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene ntchito ya pamadzi mukuidziwa, ena munali ku Mangochi, ena muli ku Joni, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaibweretsa kuno.

Kawedzedwe kathu n'koti boti limayenda osaima, ife n'kumakoka nyambo kumbuyo kuti nsomba zikuluzikulu ziziyesa ndi tinsomba tothawa. Botilo ndi la mamita 6, injini ziwiri, lilibe mitengo ija yotambasulira zingwe m'mbali imene amati outrigger. Antchito tilipo awiri, akaputeni pa chiwongolero, ine kumbuyo. Abwana akufuna kuti zingwe zisanu zizikhala m'madzi nthawi zonse, akuti mlendo akaona ndodo zambiri amakhutira kuti ndalama yake sinapite pachabe. Koma boti likangokhota, kapena nsomba ikangogwira, zingwe zimapiringizana. Nthawi imathera kumasula, pena timachita kudula, ndipo nyambo ikatayika amandidula pa malipiro. Kodi zingwe zisanu mumaziyala bwanji kuti zisakumane? Chiti chipite patali, chiti chikhale pafupi?

WaKuNkando
Zisanu pa munthu mmodzi? Abwanawo akukulakwirani achimwene. Manja muli nawo awiri okha.

Thekerani_RBay
Ntchito imeneyi ndi imene ndikugwira kuno ku Richards Bay, ku South Africa, pa maboti ofanana ndi lanulo. Ndifunse kaye: zingwezo mumazitulutsa kutalika kofanana kapena mosiyana? Nanga nyambo zake ndi zotani?

MwanaWaMuloza
Zimakhala pafupifupi zofanana, mwina mamita 30 chilichonse, timangoyerekeza ndi maso. Nyambo zilipo zolowa pansi zija za mlomo waukulu, za Rapala ndi za Halco, komanso zoyenda pamwamba za siketi ya pulasitiki.

Thekerani_RBay
Ndiye vuto taliona, lili pa kufanana kumeneko. Nyambo iliyonse iyenera kukhala ndi malo akeake m'madzimo, yosalingana ndi inzake kutalika kwake ngakhalenso kuya kwake.

Za mlomo zija zimalowa pansi zikamakokedwa, choncho zimenezo zikhale pafupi ndi boti, pa ngodya ziwiri za kumbuyo. Imodzi pa mamita 15 kapena 20, inzake pa 25 kapena 30. Musaope kuti zili pafupi ndi phokoso la injini. Nsomba za atum (tuna) komanso serra, imene kuno timati couta, sizithawa thovu la boti, zimabwera kudzaona chimene chikuvundula madzi, ndipo nthawi zambiri nyambo yapafupiyo ndi imene imayamba kugwidwa. Za siketi zimayenda pamwamba, zimenezo zipite patali, ina pa mamita 40, ina pa 50, pa ndodo zoloza kunja m'mbali mwa boti. Chingwe chachisanu chipite pakatikati, patali kuposa zonse, mamita 70 kapena kupitirira, ndipo ndodo yake muiike pamalo okwera kwambiri amene muli nawo m'botimo kuti chingwecho chidutse pamwamba pa zinzake.

Chifukwa chake ndi ichi. Boti likakhota nyambo sizitsata njira imene boti ladutsa, zimadula ngodya monga zimachitira ngolo za tiyi zokokedwa ndi thirakitala kuesiteti. Za mbali imene mukukhotera zimachedwa n'kumira, za mbali yakunja zimathamanga. Zikakhala zonse pa mzere umodzi zikumana basi, palibe kuchitira mwina. Koma zazifupi zikakhala pansi, zazitali pamwamba, zimadutsana osagundana, boti likawongoka chilichonse n'kubwerera pamalo pake.

Potulutsa yambani ndi chachitali kwambiri, kenako za m'mbali, mumalize ndi zapafupi. Pobweza muyambe ndi zapafupi. Mukayamba kutulutsa zazifupi ndiye kuti nyambo yopita patali idutsa pakati pa zinzake, ndipo mupiringiza musanayambe n'komwe kuwedza.

Sapitwa3002
A Thekerani afotokoza bwino, koma pa za kukhota ndiwonjezepo. Si nyambo zonse zimene zimamira zikachedwa. Za siketi zimamira chifukwa mutu wake ndi wolemera, koma za mlomo zambiri n'zoyandama, chimene chimazilowetsa pansi ndi liwiro la boti. Ndiye mukakhota mwamphamvu, ku mbali yamkati ya mlomo ikukwera, chingwe cha siketi chikutsika, zikumana pakati. Kutalikitsana kokha sikungakupulumutseni ngati akaputeni akukhota mwadzidzidzi. Muwauze azizungulira patali, pang'onopang'ono, asamachotse moto. Pamene ndinkagwira ntchito ku Pemba woyendetsa wathu ankawonjezera moto pang'ono pokhota kuti nyambo zamkati zisafe, ndipo ankayang'ana kumbuyo kambirimbiri kuposa kutsogolo.

Thekerani_RBay
Zoona zimenezo akulu. Theka la ntchitoyi lili m'manja mwa woyendetsa.

MwanaWaMuloza
Akaputeni athu ndi munthu wamkulu, wobadwira konko, nyanja amaidziwa kwambiri. Kungoti akaona mbalame zikudumphira m'madzi amatembenuka nthawi yomweyo osandiuza. Ndiyesa kulankhula nawo mwaulemu.

Sapitwa3002
Muwapemphe kuti azifuula kaye asanakhote, basi. Ndipo gulu la nsomba limene mbalame zikulitsata sililowedwa pakati ndi boti, limabalalika n'kumira. Amalizungulira m'mbali, kutsogolo kwake, kuti nyambo zokha ndi zimene zidutse pa nsombazo pamene zikudula ngodya muja. Iwowo ayenera kuti akudziwa zimenezi, mwina amangofulumira chifukwa alendo akuwakakamiza.

Mai_a_ku_Limbuli
Ine ndifunse nawo ngakhale nkhani ndi ya abambo. Petulo yense ameneyu, injini ziwiri, tsiku lonse, chifukwa cha mbedza zisanu? Ine ndimapita ku Quelimane kukatenga nsomba zamchere zodzagulitsa pamsika pano, ndafikapo mpaka ku Zalala. Asodzi a kumeneko amakoka ukonde, nsomba n'kudzaza madengu. Bwanji abwana anuwo osangogula ukonde?

MwanaWaMuloza
Mayi, abwana athu sagulitsa nsomba, amagulitsa ulendo. Alendo ambiri amachokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe, amalipira kuti alimbane ndi nsomba yaikulu pa ndodo. Komanso madzi ndi osiyana. Kumene mumapita inu ndi ofiira komanso osaya mpaka patali kwambiri. Kwathu ukangodutsa zilumba za Bazaruto madzi amazama msanga, amakhala obiriwira bii, ndipo m'menemo ndi mmene mumayenda atum, dourado, wahoo ndi marlin. Zimenezi sungazitchinge ndi ukonde wokokera kumtunda.

Mphunzitsi_Goliati
Kufiira kwa madzi a ku Quelimane kukuchokera kwa ife tomwe. Ruo amayambira m'phiri la Mulanje muno, amakathira mu Shire pa Chiromo, Shire n'kukathira mu Zambezi, ndipo dothi lonse limene mitsinje imeneyi imanyamula limakatayidwa m'nyanja chakumwera kwa Quelimane. Dera limenelo amalitchula kuti Sofala Bank, ndi losaya, la matope, ndipo limadziwika ndi ma prawn. Minda yathu ikamakokoloka m'mapiri a ku Thyolo kuno, nthaka yake imakathera kumeneko.

Koma chimene chandikhudza ine ndi kudulidwa malipiro. Nyambo imatayika m'njira zambiri: nsomba ya mano imadula, mlendo amamanga drag (buleki ya chokulungira chingwe) mopitirira, chingwe chimakalamba ndi dzuwa. Zonsezi zingakhale bwanji mlandu wa munthu mmodzi? Achimwene, khalani ndi kabuku. M'mawa lembani nyambo zimene mwatenga, madzulo lembani zimene zatayika ndi chifukwa chake, akaputeni asayine. Abwana akaona zolembedwa adzayamba kusiyanitsa.

WaKuNkando
Kabuku n'kabwino, koma muzu wake ndi umbombo wofuna zingwe zambiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ikani zitatu muone ngati mudzadulenso chingwe.

Thekerani_RBay
A Nkando, zisanu n'zotheka pa boti la mamita 6, ife timachita tsiku ndi tsiku. Nyambo zambiri zimaoneka ngati gulu la tinsomba, ndipo atum ikabwera imabwera yambiri, ndodo zitatu zimatha kulira nthawi imodzi. Amene ali ndi zingwe ziwiri zokha mwayi umenewo umamudutsa.

WaKuNkando
Zikalira zitatu nthawi imodzi, mnyamata mmodzi agwira iti?

Mlovi_wa_pa_Chilwa
Ana anga, ndilankhuleko ine mkulu. Ndagwira ntchito ya usodzi pa Chilwa mpaka nyanja inauma mu 1995, kenako ndinapita ku Mangochi. Kumeneko tinkakoka nyambo ya ncheni kumbuyo kwa boti, ndipo pofuna kuti zingwe zisakumane tinkazitalikitsa ndi nsungwi, ina kumanja ina kumanzere. Mitengo ya outrigger imene mukuti mulibeyo, ntchito yake ndi yomweyo. Pezani nsungwi ziwiri zokhwima, zouma bwino, zotalika mikwamba iwiri kapena kupitirira pang'ono. Mumange tsinde lake molimba m'mbali mwa boti, nsonga iloze kunja ndi m'mwamba, ndipo muikoke ndi chingwe china kupita kutsogolo kwa boti kuti isapindikire kumbuyo. Nsungwi yaiwisi ayi, imalemera ndipo imapindika. Mwana wa ku Mulanje sangasowe nzeru ya nsungwi.

Thekerani_RBay
Agogo anena zenizeni, ndipo maboti akale a nyanja ya mchere ankagwiritsa ntchito nsungwi zomwezo asanabwere a aluminiyamu. Chofunika kusamala ndi momwe chingwe cha mbedza chimagwirira kumeneko. Musachimangirire ku nsungwi, nsomba ya makilogalamu 20 ithyola nsungwiyo kapena kuizula. Kunsonga muike kamphete, mudutsitsemo kachingwe kozungulira kamene mungamakoke muli m'boti, monga amakwezera mbendera. Pa kachingweko pakhale kokolekera. Mukatulutsa nyambo kufika pamene mukufuna, kulungani labala yopyapyala pa chingwe cha mbedza, muikoleke pamenepo, n'kukweza kunsonga. Nsomba ikagwira labalayo imaduka, chingwe n'kubwerera ku ndodo. Labala ikhale yoti munthu angaidule pokoka ndi dzanja, yolimba kwambiri imadulitsa chingwe.

Chinthu chimodzi choopsa: chingwe chochoka ku ndodo kupita ku nsungwi chisalendewere. Mphepo imachikulunga kunsonga kwa ndodo, nsomba ikagwira ndodo imathyoka pomwepo. Mukakweza, kulungani reel (chokulungira chingwe cha pa ndodo) pang'ono kuti chikungike.

Labala yomweyo imathandizanso pa zingwe ziwiri zapafupi zija. Kulungani pa chingwe n'kukoleka pansi kumbuyo kwa boti, kapena pa chogwirira cha reel, kuti chingwecho chilowe m'madzi pafupi, chisakhale m'mwamba momwe mukudutsa zinzake.

Chisitu_Boyz
Ndiye mudzanyamula nsungwi kuchoka pa Muloza? Kwathu kuno zilipo zambiri, ndikudulireni.

MwanaWaMuloza
Zikomo achimwene, koma ulendowu ndi wa makilomita oposa 1,000. Kuchoka pa Milange kupita ku Mocuba, Nicoadala, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, Inchope, kuwolokanso Save, ndiye kufika. Basi zake n'zosinthasintha, kondakitala sangalole. Ndikafufuza konko.

NamaChonde
Inu mukukamba za zingwe, ine mtima wanga uli pa mwanayu. Namondwe Freddy uja asanatipeze kuno mu March 2023 anayamba wagwera chakufupi ndi Vilankulo mu February, pafupi ndi kumene mukugwira ntchitoko, kenako anabwerera kunyanja n'kudzalowera ku Quelimane. Zimene anachita ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo tonse tinaziona, ena mpaka lero abale awo sanawapeze. Kuyambira November mpaka April nyanja imeneyo ndi ya namondwe. Mwananga, jekete yoyandamitsa mumavala? Kapena imangokhala pansi pa mpando kudikira alendo?

MwanaWaMuloza
Zilipo zokwanira aliyense amayi, ndipo nyengo ikaipa sitituluka. Akaputeni amaona kaye za mphepo pa foni madzulo ndi m'mawa.

NamaChonde
Ndafunsa ngati mumavala, sindinafunse ngati zilipo. Inu ndi amene mumawerama kumbuyo pafupi ndi injini boti likuyenda.

Sapitwa3002
Amayi akunena zoona, muvale. Ndipo popeza mwatchula mphepo, ili ndi mbali yake pa nkhani ya kupiringizana. Mphepo ikamawomba kuchokera m'mbali imakankha zingwe zonse kupita mbali imodzi, ndipo chachitali ndi chopepuka chimakankhidwa kwambiri. Ndiye chingwe chachitali cha m'mbali chikhale ku mbali imene mphepo ikupita, chachifupi ndi nyambo yolemera zikhale kumene mphepo ikuchokera. Mukasemphanitsa, chachitalicho chigona pa zinzake ngakhale boti likuyenda mowongoka. Mukatembenuka kubwerera kumene mwachokera, mbali zija zasinthana, ndiye nanunso musinthe kutalika kwake. Anthu ambiri amaiwala pamenepa.

Onaninso liwiro. Nyambo za mlomo ndi za siketi zimayendera limodzi bwino pa ma knot 6 mpaka 8, ndiye kuti makilomita 11 mpaka 15 pa ola. Mukapitirira pamene ya mlomo ingapirire imatumphukira pamwamba n'kuyamba kugudubuzika, ndipo ikatero imakola chilichonse chili pafupi. Nyambo ya nsomba yeniyeni, yamoyo kapena yakufa yokokera serra, imafuna kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, choncho musaisakanize ndi zinazi pa ulendo umodzi wokoka.

MwanaWaMuloza
Pali Rapala imodzi imene nthawi zonse imathawira kumanzere ngakhale nyanja ili bata. Imeneyo ndiitaye?

Sapitwa3002
Musataye. Yambani mwaona ngati mbedza zake sizinakole udzu wa m'nyanja kapena kapulasitiki, chifukwa kanthu kakang'ono kamaisokoneza. Ngati ili yoyera, ndiye kuti kawaya komangirapo chingwe kanapindika pamene nsomba inaluma. Tengani pulayala mukapinde pang'ono kwambiri kuloza mbali imene mukufuna kuti nyamboyo ipite, muiyese m'mbali mwa boti pa liwiro lokokera, mubwereze mpaka iwongoke. Nyambo iliyonse muziiyesa choncho musanaitulutse patali. Ikamasambira bwino nsonga ya ndodo imanjenjemera mosalekeza. Ikasiya kunjenjemera dziwani kuti kwachitika kanthu, bwezani muone.

Mai_a_ku_Limbuli
Ndamva kuti nsomba zina zikuluzikulu mukagwira mumazibwezanso m'madzi. N'zoona zimenezo? Kuno anthu akudyera nsima masamba a chinangwa, bakayawo wakwera mtengo, inu n'kumataya ndiwo ya mudzi wonse?

MwanaWaMuloza
N'zoona mayi, marlin ndi sailfish timabweza. Atum, serra ndi dourado timatenga, alendo amadya, ife antchito timagawiridwa. Poyamba zinkandiwawa kuona nsomba yotere ikupita.

Mphunzitsi_Goliati
Ine ndili mbali ya kubweza. Marlin yakuda imene imafika ku Bazaruto cha m'ma September mpaka November imatha kupitirira makilogalamu 400, ndipo zikuluzikulu choncho ndi zazikazi, zimene zimaikira mazira. Mukapha zimenezo mwapha mbewu. Zilumba zimenezo boma la kumeneko linazipanga malo otetezedwa mu 1971, ndipo ndi kumene kwatsala nyama ya m'madzi yotchedwa dugong imene m'madera ambiri a gombe limeneli inatha. Ife a kuno tikudziwa zimene zinachitikira chambo ku Malombe chifukwa chogwira chilichonse.

Mai_a_ku_Limbuli
Aphunzitsi, amene akubwezawo ndi okhuta kale. Msodzi wa bwato amene ana ake agona ndi njala simungamuuze zimenezo.

Mphunzitsi_Goliati
Sindikunena msodzi wa bwato mayi, ndikunena mlendo amene wabwera kudzasangalala. Iyeyo abweze.

Namwino_wa_ku_Thyolo
Popeza mwati atum mumatenga, ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Nsomba za mtundu wa atum, serra ndi dourado zikakhalitsa padzuwa zitafa zimapanga poizoni wotchedwa histamine. Munthu akadya amafiira nkhope, mutu kuwawa, thupi kuyabwa, kusanza, ena kubanika. Kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Mukangoikweza m'boti ichotseni magazi ndi matumbo, muiike pa ayisi, isadikire kuti mumalize kumasula zingwe.

Chachiwiri ndi mbedza. Nyambo za mlomo zimakhala ndi mbedza za mano atatu kutsogolo ndi kumbuyo. Nsomba ikamaphupha m'boti mbedza ina ili m'kamwa mwake, inayo imalowa m'dzanja kapena m'mwendo mwa amene ali pafupi. Musachotse ndi manja, gwiritsani pulayala, nsombayo itayamba yafa. Muvale nsapato, ndipo katemera wa kafumbata akhale wosapitirira nthawi.

Thekerani_RBay
Achemwali atibweretsa pa funso la a Nkando lija, loti nsomba ikagwira mutani. Apa ndi pamene zingwe zambiri zimatayikira, kuposa pokhota.

Ntchito imayamba musanachoke pagombe. Mlendo aliyense mumupatse ndodo yake yoyang'anira, mumuonetse kakulungidwe, mumuuze kuti reel ina ikalira iye akulunge yake msanga osadikira kuuzidwa. Alendo amakondwa kupatsidwa ntchito. Mukatero simulinso nokha.

Reel ikalira akaputeni asaime. Apitirize pa liwiro lomwelo kamphindi kochepa, kuti mbedza ilowe bwino komanso kuti nsomba zina za m'gulumo zigwire nyambo zinazo. Boti likaima nthawi yomweyo zingwe zonse zimalendewera, za siketi zimamira, ndipo nsomba imazungulira n'kuzisonkhanitsa. Kenako achepetse moto koma giya asachotse. Inu muyambe kubweza zingwe za mbali imene nsomba yathawira, zapafupi poyamba. Nyambo iliyonse yobwezedwa ilowe m'ndowa kapena ikolekedwe pa reel yake, ndodo n'kupita kutsogolo kwa boti. Pansi pasakhale mbedza.

Zikagwira ziwiri zingwe n'kupingasana, musathamangire mpeni. Bweretsani nsonga za ndodo ziwirizo pamodzi, mudzaona chimene chili pamwamba, n'kudutsitsa ndodo ina pansi pa inzake. Mukazitalikitsa simungaone kuti zapotana kangati, ndipo zingwe ziwiri zokungika zikakhulana chimodzi chimaduka msanga.

Sapitwa3002
Apa ndisiyana nanu pang'ono a Thekerani. Ine sindibweza zonse. Ngati nsomba ndi yaing'ono, monga bonito kapena serra wamba, ndimangochotsa za mbali yake, chachitali chapakati ndi cha mbali inayo ndimazisiya, boti likuyendabe. Nthawi zambiri yachiwiri imagwira pamenepo. Kubweza zisanu chifukwa cha nsomba ya makilogalamu 4 n'kutaya nthawi.

Thekerani_RBay
Kwa inu amene mumadziwa kukula kwa nsomba pongomva kulira kwa reel, inde. Kwa munthu amene ali yekha kumbuyo ndipo akudulidwa malipiro, abweze zonse kufikira atazolowera.

Chisitu_Boyz
Nanga drag imene aphunzitsi anatchula ija, imamangidwa bwanji? Ine ndimawedza m'madamu a kuesiteti, ndimangomanga mpaka ilimbe.

Sapitwa3002
Pa damu mungapulumuke nazo, panyanja ya mchere ayi. Drag ikhale gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe. Chingwe cha makilogalamu 15, drag ikhale pa 4 kapena 5. Cha makilogalamu 24, ikhale pa 6 mpaka 8. Musayerekeze ndi dzanja, kokani ndi sikelo ya ngowe ija yoyezera chimanga, chingwe chitadutsa m'ndodo. Ngati sikelo palibe, chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5: chingwe chiyambe kutuluka pamene chigubucho chikufuna kunyamuka. Dziwaninso kuti nsomba ikatulutsa chingwe chambiri drag imalimba yokha, chifukwa chotsala pa reel chachepa. Mlendo akaona chingwe chikutha amafuna kumanga, pamene nthawi imeneyo ndi yofunika kumasula pang'ono. Muziwauza asanagwire ndodo kuti chimenecho sakhudza.

Ndodo iliyonse ikhalenso ndi kachingwe koimangirira ku boti. Ndodo ndi reel zikagwera m'nyanja, zimenezo ndi malipiro a miyezi.

WaKuNkando
Zonsezi ndamva, ndipo ndaphunzirapo. Koma tsiku la mafunde, boti likudumpha, alendo awiri akusanza, mudzawapatsa ndodo yoyang'anira? Ine ndikanali pa zitatu.

Thekerani_RBay
Tsiku lotero ngakhale ife timaika zitatu: za mlomo ziwiri pa ngodya, chifukwa zimagwira madzi bwino pa mafunde, ndi siketi imodzi yolemera patali pakati. Palibe amene angakutsutseni pamenepo.

MwanaWaMuloza
Ndathokoza kwambiri nonse, makamaka agogo pa za nsungwi. Ndikafika ndikayamba ndi zinayi, ziwiri zapansi pafupi, ziwiri zapamwamba patali, chachisanu ndidzawonjezera nsungwi zikamangidwa. Ndikawauza abwana kuti tsiku la mphepo zizikhala zitatu, ndipo ndikawapempha akwere nafe tsiku limodzi adzaone okha. Chimene chikundivutabe ndi kuyeza mamita. Pamadzi maso amanama, makamaka m'mawa dzuwa likamawala kumbuyo.

Mlovi_wa_pa_Chilwa
Yezerani pamtunda mwanawe. Kokani chingwe pamchenga, muwerenge mikwamba, pamene mukufuna kuti chizithera mumangepo ulusi wofiira molimba. Pamadzi mukaona ulusiwo wafika kunsonga kwa ndodo, imani. Ndodo iliyonse ikhale ndi malo ake osasinthasintha, mulembepo nambala.

Sapitwa3002
Ulusi womwewo umathandiza kuti labala isatsetsereke, muziikulunga pamenepo. Mukadula chingwe n'kumanganso, kumbukirani kuti chafupika, muyezenso.

Mwati kumeneko serra ndi wahoo n'zambiri. Pa nyambo ziwiri zapansi muike waya wamfupi kutsogolo kwake, masentimita 30 kapena 40 akwana, chifukwa mano a nsomba zimenezi amadula nayiloni kamodzi n'kamodzi. Pa za siketi zimene mukufunira atum ndi dourado siyani nayiloni yokhuthala, atum imaona waya m'madzi oyera n'kuzemba. Swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira zingwe kaja, ikhale yakuda, yonyezimira wahoo amailuma kuyesa kansomba, nyambo yonse n'kupita. Ndipo ikhale yozungulira bwino, chifukwa chingwe chopotoka chimadzikulunga chokha pa chinzake ngakhale mutayala bwanji. Chikapotoka chotsani nyambo ndi swivel, muchitulutse chopanda kanthu kumbuyo kwa boti likuyenda, madzi achiwongola, kenako mukulunge mochikunga ndi zala.

Thekerani_RBay
Ndipo madzulo alionse mutsuke reel, mbedza ndi ma swivel ndi madzi opanda mchere, drag itamangidwa kuti madzi asalowe mkati, zikauma muimasule. Achimwene, mapaipi oikamo ndodo pa boti lanulo alipo angati, ndipo aloza kuti? Mukafika jambulani kumbuyo konseko mutitumizire pano, chifukwa ngati onse aloza kumbuyo mowongoka, awiri a m'mbali afunika kuwatembenuzira kunja musanayambe za nsungwi.

MwanaWaMuloza
Alipo anayi m'mbali ndi awiri pa denga. A m'mbaliwo awiri aloza kumbuyo, awiri apendekera kunja pang'ono. Chithunzi nditumiza ndikangofika.

Thekerani_RBay
Ndiye muli nazo kale zofunika. Oloza kumbuyo ndi a nyambo za mlomo, opendekera kunja ndi a siketi, limodzi la padenga ndi la chingwe chachitali chapakati. Linalo lisiyeni lopanda kanthu, muziikamo ndodo imene mwabweza nsomba ikagwira.